Ndinali Mmishonale ku Area 43

Anthu akamva kuti ndinakagwirako ntchito ya Mulungu kunja kwa dziko, amaganiza kuti ndinakwera ndege. Ine ndinapita pa minibasi. Kwathu ndi ku Angoniya, ku Mozambiki, mudzi wina kuseri kwa Vila Ulongwe, ndipo dziko lakunja limene mpingo unanditumako ndi Malawi. Munthu ukanyamuka mmawa, dzuwa limakupendekera uli mu Lilongwe. Koma nthawi imene ndinakhalako, kwathu kunatalika ngati ndawoloka nyanja.

Ndinali nditangomaliza sekondale, ndikutsogolera kwaya, pamene akuluakulu a mpingo ananditchula dzina kuti ndikatumikire zaka ziwiri. Bambo anali atamwalira kale. Pakhomo tinali atatu, ine, amayi ndi mlongo wanga wamng'ono Fabiano, ndipo tinkadalira munda wa kachewere ndi nyemba. Mpingo unalonjeza kuti ine ndikamatumikira, iwo aziphunzitsa Fabiano ku Vila. Tsiku lonyamuka amayi anandisenzera chikwama mpaka kumsewu. Sanalire. Anangondikonza kolala ya bulauzi, nkunena kuti, "Ukadye, mwana wanga. Usakachite manyazi pa chakudya."

Nyumba ya abusa a Mbewe, amene ankayang'anira amishonale, inali ku Area 43. Ndinali ndisanaonepo mpanda wotalika choncho, wanjerwa, pamwamba pali waya wamagetsi. Geti litatsekedwa kumbuyo kwanga, phokoso lonse la mumsewu linangoti zii. Abusa anandilandira bwino, anandipempherera, kenako anatambasula dzanja.

"Pasipoti ndi foni timasunga ife, kuti zisasowe. Foni muzilandira Lamulungu masana."

Ndinapereka ndi manja awiri. Sindinaone cholakwika.

Kuseri kwa nyumba yaikulu kunali kanyumba ka antchito, kamene kumeneko amati boyizikota. Ndinapezamo Naomi, mtsikana wa ku Katete, ku Zambia, wamfupi, wamaso akuthwa, woseka mokweza. Zenera lathu linali limodzi, loyang'ana kukhoma la mpanda, pafupi moti ukatulutsa mkono umalikhudza. Naomi anandiona ndikusuzumira.

"Usavutike, mnzanga, ndayang'anapo kale. Kulibe chilichonse. Manje uika kuti chikwama?"

Tsiku lathu linkayamba ndi pemphero kusanache. Tikati ameni, tsache. Kusesa bwalo, kukolopa nyumba yaikulu, kuchapa, kusita malaya a abusa, kukonzera ana awo chakudya cha kusukulu. Mayi busa ankati ntchito ya m'nyumba ndi utumikinso, ndipo ine ndinkavomereza. Dzuwa litakwera ndi pamene tinkavala mabulauzi oyera ndi masiketi abuluu ofika m'mapazi, kunyamula timapepala ta uthenga, nkutuluka. Lamulo lalikulu linali lakuti mmishonale sayenda yekha. Awiriawiri nthawi zonse, ngakhale kopita kukhale pafupi bwanji.

Kulalikira ku Area 43 ndi kulalikira mageti. Umaliza belu, agalu amayamba, kenako kabowo ka pageti kamatseguka, nkuoneka diso limodzi la mlonda.

"Abwana atuluka."

"Nanga adona?"

"Akupuma."

Nthawi zina tili chiimire pomwepo, galimoto inkafika, geti nkutseguka, galasi lakuda osatsika ngakhale pang'ono. Eni nyumba tinkawadziwa ndi mitundu ya magalimoto awo. Amene tinkalankhula nawo anali alonda, anyamata osamalira maluwa, ndi azimayi olera ana, amene ankalawirira wapansi kuchokera ku Kauma. Ambiri anali opemphera kale, ena kuposa ife. Ankatipempha kuti tiwapempherere miyendo yotupa, ana odwala, abwana aukali. Ine ndinkakonda mapemphero a pansi pa mtengo amenewo. Koma madzulo tikafotokoza, abusa ankapukusa mutu.

"Alonda ndi abwino, Mulungu amawakonda. Koma mpingo uno ukufunika anthu a m'maofesi. Mawa mupite ku City Centre."

Ku City Centre ndi kumene ndinadziwira kuti ndine mlendo. Ine ndinkati Chichewa ndi chathu tonse, palibe chondivuta. Koma cha kumeneko chimayamba Chichewa, pakati Chingerezi, nkuthera Chichewa, ndipo ine kusukulu ndinaphunzira Chipwitikizi. Timapepala tathu tomwe tinali ta Chingerezi, tochokera kwa eni mpingo kutsidya kwa nyanja. Ndinkagawira anthu mawu oti ine mwini sindingawawerenge. Bambo wina wa tayi, akudya chipisi pa nthawi ya nkhomaliro, analoza mzere wina nkundifunsa funso lalitali. Sindinatolepo kanthu. Naomi ndiye anandiwombola.

Tsiku limene ndinkapuma mpweya linali Lachisanu. Mayi busa ankatisiya ku Old Town kuti tigule za pakhomo ku msika, tilalikirenso mpaka adzatitenge. Fumbi, mfuu wa oitanira minibasi, fungo la usipa ndi tomato woola, anthu kukugunda paphewa osapepesa, zonsezi zinkandikoma kuposa udzu wometa bwino wa ku Area 43. Tsiku lina ndinaima pa benchi ya nsalu, ndinagwira ina yamaluwa ofiira, nkufunsa kuti, "Kapulana iyi ndi bwanji?"

Mayi wogulitsayo, wonenepa, wofunda mpango kumutu, anasiya lumo nkundiyang'ana.

"Iwe si wa kuno. Kuno timati chitenje. Kapulana ankatero mayi anga, a ku Mandimba, ku Mozambiki. Khala pansi apa."

Anali Abiti Saidi, Msilamu, amuna awo telala wa pakhonde ku Area 2. Ine ndinaona ngati Mulungu wandipatsa munthu woti ndimutembenuze. Lachisanu lililonse ndinkawatsegulira Baibulo, iwo akudula nsalu.

"Werenga, ndikumva," ankatero. Ndikamaliza ankati, "Wawerenga bwino. Tsopano idya chitumbuwa ichi, wawonda. Kodi kwa abusa akowo amakudyetsani mapemphero okhaokha?"

Mzikiti ukaitana, ankandisiyira benchi kuti ndiwayang'anire. Sanatembenuke, ndipo patapita nthawi ndinasiya kuyembekezera. Ndinkangopita chifukwa pa benchi imeneyo pokha ndi pamene munthu ankandifunsa ngati ndagona bwino.

Abiti Saidi ndiwonso anandilozera kumene amatsitsira matumba a kachewere. "Anthu akwanu ali uko." Ndinapezadi bambo Zakaria, a mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankabwera ndi lole kudzagulitsa. Nditamva kalankhulidwe kawo misozi inalengeza. Kuyambira pamenepo, kangachepe kamene mpingo unkatipatsa ka sopo ndinkagulako shuga, mchere, nthawi ina chitenje chofiira chija, nkuwapatsira kuti akapereke kwa amayi. Iwo ankandibweretsera nyemba zomanga pa kansalu, ndi nkhani za kumudzi, wakuti wakwatiwa, wakuti ng'ombe zake zafa.

Dzinja lachiwiri, Naomi anayamba kusintha. Kuseka kuja kunachepa. Anapempha pasipoti yake kuti akaone mkulu wake amene anabereka mwana movutikira, abusa anati adikire nthawi yake ithe. Mmawa wina tikuyanika zovala anayankhula osandiyang'ana.

"Ine Lachisanu ndipita. Ku Mchinji ndidziwa podutsa. Tiye tonse, ukakwere ya ku Dedza."

"Tinalonjeza pamaso pa mpingo, Naomi."

"Tinalonjeza kulalikira. Manje taona manja akowo. Ndi a mlaliki kapena a wochapa?"

"Nanga Fabiano? Ndikathawa amuchotsa sukulu."

Anakung'untha shati ya abusa mwamphamvu, nkuiyanika. "Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ine nthanga zandikwana."

Lachisanu lija, tili pakati pa msika, anandipatsa jumbo ya anyezi kuti ndimugwirire. Anandifinya chala, nkulowa m'chigulu cha anthu. Ndinaona bulauzi yoyera ikuchepa mpaka pa timilatho tamitengo ta pamtsinje, kenako sindinaionenso. Mayi busa atafika anandipeza ndekha.

Abusa sanandikalipire. Anangoti, "Lamulo mukulidziwa. Mmishonale sayenda yekha. Mudikire, pa msonkhano waukulu tidzalandira atsikana ena." Mlonda anauzidwa kuti geti asanditsegulire.

Msonkhanowo unali kutali, kumapeto kwa chilimwe. Miyezi imeneyo ndimaikumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Ntchito ya anthu awiri inagwera ine, komabe inkatha masana, ndiye ndinkakhala pa sitepe ya boyizikota nkumamvetsera za kunja. Mapazi a antchito mmawa. Mayi wogulitsa masamba akufuula geti ndi geti. Wailesi ya mlonda wa nyumba yoyandikana. Ndinkavalabe bulauzi yoyera tsiku lililonse ngati ndikupita kwinakwake. Bedi la Naomi ndinaliyala bwinobwino, ndinkaopa kukhalapo. Kupemphera ndinkapemphera, koma mawu ankangofika pa waya uja nkubwerera.

Sindinganene kuti mayi busa anali ankhanza. Anandigulira nsapato, ankanditcha mwana wawo, nthawi zina ankandiitana kuti tidzaonere limodzi kanema. Iwonso sankatuluka kawirikawiri, ndipo amuna awo akalankhula ankangoti, "Chabwino, abusa." Ndikawapempha kuti anditengeko ku msika ankati, "Pirira pang'ono, abambo sanalole."

Lamulungu masana ankandipatsa foni, iwo atakhala pomwepo pa khonde. Amayi analibe foni, ndinkaimbira Fabiano.

"Onse ali bwino kuno, achemwali."

"Ndipatse amayi."

"Apita kumunda."

Sabata yotsatira, apita kumaliro. Yotsatira, ali ku chigayo. Kenako mawu ankaduka, iye nkumati netiweki. Mtima unkandiuza kanthu, koma ndinkaudzudzula kuti ndi kuchepa kwa chikhulupiriro.

Tsiku lina kukutentha, dzuwa lili paliwombo, ndikutsuka miphika kuseri, ndinamva mlonda akukangana ndi munthu pa geti. Mawuwo ndinawazindikira msanga.

"Ine sindichoka. Ndatsika minibasi kumsewu waukulu uko, ndagogoda mageti onsewa, agalu andiuwa mokwanira. Kaitaneni eni nyumba."

Mayi busa atatuluka, geti linatsegulidwa. Abiti Saidi anali atayala chitenje pansi, atakhala, nsapato atavula, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anadzuka pang'onopang'ono, anapereka moni mwaulemu, kenako anayang'ana ine.

"Mwana wanga, a Zakaria akhala akukufunafuna ku msika milungu yambiri. Mayi ako anagwa kumunda nthawi yokumba kachewere. Mbali imodzi yafa. Akulu a mpingo kwanuko anamuletsa mlongo wako kukuuza, ati ungasokonezeke pa ntchito."

Mphika umene ndinanyamula sindikudziwa kuti ndinauika pati. Ndinatembenukira kwa mayi busa kuti andigwire, koma iwo anali atazyolika, akupotokola mphete pa chala. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyi siinali yachilendo m'nyumba imeneyo.

"Munkadziwa, amayi?"

"Anaimbira abusa," anatero motsitsa. "Anati akupezako bwino."

Abiti Saidi anavala nsapato zawo. "Mayi, ine za mpingo wanu sindizidziwa. Koma inu munabereka, inenso ndinabereka. Ndanena zimene ndinadzera." Anakana madzi, anakana kuperekezedwa pa galimoto, ananyamuka wapansi momwe anabwerera.

Abusa atabwera ndinawagwadira pa balaza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nkhope yawo yachisoni ndithu. Anati pasipoti ili ku ofesi, akukonzetsa chilolezo changa chokhalira m'dziko. Anati msonkhano wayandikira, alendo ochokera kunja akufuna kudzaona amishonale, ndipo pa awiri aja watsala ndine ndekha. Ukangotha msonkhano adzandiperekeza okha pa galimoto mpaka pakhomo pa amayi. Anatsegula Baibulo, anandiwerengera ndime yonena za kusiya abale chifukwa cha ntchito ya Ambuye. Ndime imeneyo ndinkaidziwa, ndinaiwerengerapo anthu ena pansi pa mitengo. Tsiku limenelo inandilowa ngati minga.

"Tipemphere," anatero. Ndinatseka maso, koma ameni sanatuluke.

Kutacha ndinasesa, ndinakolopa, ndinasita ngati masiku onse. Abusa atapita ku ofesi, mayi busa anandiitana.

"Lowa m'galimoto, ukandinyamulire katundu ku msika."

Mlonda anayang'ana ine, anayang'ana iwo, nkutsegula. Mayi busa anaimitsa galimoto ku Area 2, pafupi ndi khonde limene amuna a Abiti Saidi ankasokerapo, nkutsegula kumbuyo. Munali chikwama changa, chomangidwa kale, foni ili pamwamba.

"Ine ndikukagula nyama," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Ndichedwa kwambiri. Ndikabwera ndikapanda kukupeza, ndikauza abusa kuti sindinakupeze."

"Nanga inu akakunenani?"

"Ndinazolowera. Pita, mwana wanga."

Abiti Saidi anandiperekeza kwa bambo Zakaria, amene anali atagulitsa katundu wawo. Ndinakwera kumbuyo kwa lole, pa matumba opanda kanthu, Abiti Saidi atandikankhira zitumbuwa m'manja ndi nsalu yofunda, ati kwanu kumazizira. Kupitirira Dedza, pamene msewu womwewo ndiwo malire a mayiko awiri, tinatsika pa Lizulu. Ndinawoloka tala, ndipo ndinali kwathu. Palibe anandifunsa pasipoti. Mpaka lero sindinaionenso. Kuchoka pamenepo tinakwera njinga zamoto.

Ndinafika dzuwa likupendeka. Pa mtondo wa amayi panali mtsikana woyembekezera amene sindinkamudziwa, atavala chitenje chofiira chamaluwa. Fabiano anatuluka m'nyumba, wamtali kuposa momwe ndinamusiyira, ndevu zitamera, manja okakala.

"Awa ndi alamu anu, a Rozina," anatero maso ali pansi.

"Nanga sukulu?"

"Ndinasiya kale, achemwali. Mpingo unalipira chaka choyamba chokha. Kenako amayi anagwa, munda ukanalima ndani?"

Ndinafuna kumufunsa chifukwa chake ankandinamiza Lamulungu lililonse, koma nditaona mapewa ake ndinaleka. Nayenso anali atauzidwa ndi akuluakulu, ngati ine.

Amayi anali pa mphasa kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma, akuothera kadzuwa kotsala. Anali atachepa thupi. Pakamwa panapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili gone pamwendo ngati si lawo. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja lamoyolo.

"Amayi, ndabwera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, bulauzi yoyera, siketi yabuluu, nsapato za mayi busa. Kenako anamwetulira ndi theka la pakamwa, nkuyesa kudzikonza pokhala monga amachitira munthu kukabwera mlendo waulemu. Mawu ankatuluka olemera, koma ndinawamva.

"Takulandirani, asisita. Mwachokera ku mpingo? Rozina, apatse mpando alendowa."

"Amayi, ndine mwana wanu."

"Eya, tonse ndife ana a Mulungu," anatero mokoma mtima. "Inenso ndili naye mwana wamkazi, wa msinkhu wanu womwewu. Ali ku Malawi, ku Lilongwe, akugwira ntchito ya Ambuye."

Fabiano anandigwira paphewa. Anati kuyambira pamene anagwa, ena amawadziwa, ena ayi. Anati mwina mawa.

Mawa linafika, ndinavula yunifolomu, ndinavala chitenje ngati kale, ndinawaimbira nyimbo zimene tinkaimba limodzi kumunda. Anayimba nawo, mawu onse osaphonya, koma titamaliza anandithokoza ngati mlendo. Akulu a mpingo anabwera kudzandiuza kuti popeza ndinachoka osatsanzika, ndiyambe ndakhala kumbuyo, kwaya ndisatsogolere. Sindinatsutse. Ndinalibenso nthawi yake. Ndinkawasambitsa amayi, kuwadyetsa phala ndi sipuni, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwatulutsa padzuwa ndi kuwalowetsa. Anakhala nafe mpaka mvula inagwa nkutha, ndipo masiku onsewo ndinali asisita a ku mpingo, amtima wabwino, amene sankatopa kubwera.

Ankakonda kundiuza za mwana wawo. Ati amakhala m'nyumba yamagetsi, amalalikira mabwana a m'boma, anthu amatembenuka ambirimbiri. Ati amawatumizira shuga. Poyamba ndinkawatsutsa, ndikulira, iwo nkumadabwa kuti alendowa alakwiridwa chiyani. Kenako ndinasiya. Ndinkangofunsa kuti, "Ndiye amatani tsono?" iwo nkumapitiriza, nkhope ikuwala.

Mmawa wina, masiku awo atatsala ochepa, ndikuwapesa tsitsi pa khonde, anandigwira mkono.

"Asisita, inu mumayendayenda. Simudzafikako ku Lilongwe?"

"Mwina ndidzafikako, amayi."

"Mukakamuona, musakamuuze kuti ndikudwala, angasiye ntchito. Mukangomuuza kuti kuno tili bwino. Koma tiyeni timupempherere kaye, ali yekha kwa eni."

Anatseka maso, akudikira kuti ndiyambe. Ndinaika chipeso pansi, ndinagwada pambali pawo, ndipo ndinamupempherera mtsikanayo, kuti Mulungu amusunge kumene ali, amupatse anthu omukomera mtima, ndipo tsiku lina amubwezere kwa mayi ake. Amayi anati ameni mokweza. Kenako anandisisita dzanja.

"Mwapemphera ngati mukumudziwa."

"Ndimamudziwa, amayi," ndinatero, nkutola chipeso kuti ndimalize mbali yotsala.